Za Dzina Lija "Anguru" ndi M'mene Linachokera M'mabuku a Boma

 Masiku onse pa nthawi ino timakamba za mizere, za manyowa ndi za anankafumbwe m'nkhokwe. Lero ndikupemphani kuti khasu tiyambe taliika pambali, tikambe za dzina limodzi limene anthu ambirimbiri a m'dziko muno anaitanidwa nalo kwa zaka pafupifupi 50 eni ake osalifuna. Musaganize kuti ndasiya za ulimi ai, pakuti mudzaona kuti pansi pa dzinalo panali nkhani ya nthaka.

Dzinalo ndi "Anguru". Abale athu Achilomwe andikhululukire polichula pa wailesi, pakuti mbiri yake sitingaikambe popanda kulichula.

Kwao kweni kweni kwa Alomwe ndi kum'mawa kwa nyanja ya Chilwa ndi phiri la Mulanje, m'dziko la Mozambique, makamaka kuzungulira mapiri a Namuli. Sanali gulu limodzi lokhala ndi mfumu imodzi. Panali Amihavani, Akokhola, Atakhwani, Amanyawa, Amarenje ndi enanso, yense ndi kalankhulidwe kake. Ena a iwo anali atakhala kale tsidya lino pamene Angerezi ndi Apwitikizi analemba malire m'chaka cha 1891. Koma unyinji unayamba kuoloka m'zaka za m'ma 1890 ndi pambuyo pake, pothawa ulamuliro wa Apwitikizi: nkhondo zogonjetsa mafumu, msonkho, nchito yokakamiza ya chibalo, asipayi, ndi mbalamatodya ija yomenyera m'manja. M'chaka cha 1918 asilikali a Jeremani anadutsa m'dziko lomwelo akumenyana ndi Angerezi ndi Apwitikizi, ndipo mbali zonse zinkagwira anthu a mtengatenga ndi kulanda chakudya m'nkhokwe. Anthu anasenza ana ndi mbeu, nalunjika kuno.

Tsono mvetsetsani chimene anapeza atafika. Nthaka yambiri yabwino ya ku Mulanje, Thyolo, Chiradzulu, Blantyre ndi Zomba inali itapita kale m'manja mwa Azungu a maesiteti, ndi makalata amene Harry Johnston anayamba kupereka m'chaka cha 1892. Azunguwo anali ndi nthaka, koma analibe manja. Inu alimi mudziwa bwino chifukwa chake. Khofi, thonje, fodya ndi tiyi zimafuna anthu ambiri m'miyezi ya dzinja, nthawi yomweyo imene munthu aliyense ali pa kalikiliki wopalira ndi kubandira chimanga chake. Mmang'anja kapena Myao wokhala ndi munda wake sakanausiya kuti udzu uudye, iye nkukapalira fodya wa Mzungu. Koma mlendo wofika ndi mtolo pamutu, wopanda pomanga nyumba, sakanatha kukana. Ankapatsidwa malo pa esiteti, ndipo malipiro a malowo anali kugwira nchito mwezi umodzi chifukwa cha lendi ndi mwezi wina chifukwa cha msonkho, ndipo m'maesiteti ena miyeziyo inkatalikitsidwa monga m'mene kapitao ndi bwana wake anafunira. Ndiyo thangata ija. Makolo athu akati kuthangata ankanena kuthandizana pa nchito mwa ufulu, monga tichitira pa dima. Mau abwinowo anapotozedwa nakhala dzina la goli. Alendo ena anakhala pansi pa mafumu Achiyao ndi Achimang'anja, ndipo tisabise, kumenekonso ambiri ankalimira eni mudzi asanalime zao.

Dzina la "Anguru" sanadzipatse okha. Anapatsidwa ndi anthu amene anawapeza kuno, ndipo Azungu analitola nalilemba m'mabuku. Linaphimba magulu onse aja ngati chikwatu chimodzi. M'kupita kwa nthawi linaleka kunena za kumene munthu achokera, nkuyamba kunena za chimene munthu alibe: alibe munda wake, alibe mfumu yake, ungamlembe nchito pa mtengo uliwonse, ungampitikitse tsiku lililonse. Pamwamba pake anaunjikapo zonyoza za chakudya chao, za mano osema ndi za kalankhulidwe kao. Komatu anthu omwewo ndiwo anagwetsa nkhalango ndi kubzala tiyi amene dziko lino ligulitsa kunja kufikira lero, ndipo ulimi wa chinangwa, nandolo ndi kalongonda anaudziwa koposa ambiri a ife.

Sanali anthu owerengeka. Kalembera wa 1921 anapeza oposa 120,000. Wa 1931 anapeza oposa 235,000. Ndipo pofika 1945 anali pafupifupi 380,000. Pamene John Chilembwe anaukira Boma m'mwezi wa January 1915, ambiri a omtsatira anali Alomwe a pa esiteti ya A. L. Bruce ku Magomero, kumene thangata inali yowawa koposa. Izi zinaonjezera mantha ndi mbiri yoipa pa dzina lija m'maso mwa Azungu.

Munthu amene anatsogolera nchito yochotsa dzinalo ndi Lewis Mataka Bandawe. Iye anaphunzira ku Mishoni ya Blantyre, ndipo kuyambira 1913 kufikira 1928 anagwira nchito ya mishoni ku Mihecani, pakati pa anthu a mtundu wake ku Mozambique. Ndiye anamasulira Chipangano Chatsopano m'Chilomwe. Atabwerera kuno anagwira nchito ku khoti lalikulu ku Blantyre. M'chaka cha 1943, Bwanamkubwa ali Sir Edmund Richards, a Bandawe ndi anzao anakhazikitsa bungwe loimira Alomwe, ndipo chimodzi mwa zoyamba kupempha chinali chakuti Boma lileke kulemba "Anguru" nkumalemba "Alomwe". Sanatenge mkondo, sanaswe zenera. Analemba makalata nakamba ndi akuluakulu. Boma linabvomera, ndipo dzina lakale linayamba kuchoka m'makalata a Boma. Mbiri ya moyo wa a Bandawe inasindikizidwa m'buku m'chaka cha 1971.

Nthawi yomweyo mau enanso anali kugwedezeka. Bungwe loyamba la anthu akuda ophunzira, limene linayamba ku Karonga m'chaka cha 1912, linkadzicha North Nyasa Native Association. Koma pamene mabungwe otere anagwirizana m'chaka cha 1944, ndi a Levi Mumba monga pulezidenti woyamba, anadzicha Nyasaland African Congress. Liu lakuti "native" analitaya, pakuti ngakhale tanthauzo lake liri mbadwa, m'kamwa mwa atsamunda linkamveka ngati munthu wosatsegula maso. Achikulire akumbukanso kuti bambo wa imvi, wa zidzukulu, ankaitanidwa "boyi" ndi kamwana ka Mzungu. Ngakhale mbeu zathu sizinapulumuke: mabuku akale a zaulimi ankacha mapira "kaffir corn", liu limene ku South Africa lero munthu angaimbidwe nalo mlandu akalinena kwa mnzake.

Alipo ena amene amati zonsezi nzachabe. Amati dzina silipha munthu. Amati agogo athu ankati "Anguru" popanda chidani, ankakwatirana nao ndi kumwera nao chipanda chimodzi. Amatinso masiku ano anthu angochuluka manyazi, liu lililonse akuti nlolakwa, mpaka munthu aopa kutsegula pakamwa. Mau amenewa ali ndi choona chake pang'ono, ndipo sindiwataya onse. Nzoona kuti ambiri analinena dzinalo mosaganiza zoipa. Nzoonanso, ndipo apa ndipo pali polemera, kuti kusintha dzina sikunapatse munthu ndi mmodzi yemwe ekala ya nthaka. Ine ndiganiza kuti Boma linabvomera msanga chifukwa pempholo linali lotsika mtengo: kufafaniza liu m'kaundula sikufuna ndalama, pamene kugula esiteti kumafuna mapaundi zikwi zambiri. Taonani zaka. Dzina linapemphedwa kuchotsedwa mu 1943. Sir Sidney Abrahams anadzafufuza za nthaka mu 1946, ndipo pambuyo pake Boma linayamba kugula malo ena a maesiteti pang'onopang'ono. Mu 1953 kunabuka chipolowe ku Thyolo, anthu nafa, nkhani ya nthaka iri pakati. Thangata inathetsedwa ndi lamulo mu 1962, patapita zaka 19. Zaka zonsezo munthu anali Mlomwe pa pepala, koma khasu lake linali la mwini esiteti.

Koma amene ati dzina silipha ayang'ane chimene dzinalo linachita m'nyumba za anthu. Chifukwa cha manyazi, makolo ambiri analeka kulankhula Chilomwe pamaso pa alendo, kenaka analeka kuchilankhula ndi ana ao omwe. Ena pofunsidwa mtundu ankati ndi Anyanja. Kalembera wa 2018 anapeza kuti pa anthu 100 alionse m'Malawi pafupifupi 19 ndi Alomwe, ndiwo achiwiri kwa Achewa pa kuchuluka. Komabe pitani ku Thyolo kapena ku Chiradzulu mukawerenge achinyamata amene angathe kukamba nkhani yonse m'Chilomwe, mudzapeza ochepa. Chinenero chimene a Bandawe anachilembera Chipangano chinafota ngati mbeu yomera pamthunzi. Nchifukwa chake bungwe la Mulhako wa Alhomwe, limene likulu lake liri pa Chonde ku Mulanje, linaika kudzutsa chinenero ndi miyambo pakati pa nchito zake. Ndipo onani kuti iwo alemba "Alhomwe", monga liu lituluka m'kamwa mwa eni ake. Za ndale zimene zimazungulira mabungwe a mitundu sindilowamo. Imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina ndi ya anthu ena.

Kwa ine muyeso wake ngwapafupi. Sitisowa buku la mau oletsedwa. Pamene anthu eni ake asonkhana nanena poyera kuti dzina ili litipweteka, tiitaneni chakuti, mlandu watha pomwepo, pakuti woitana sataya kanthu posintha. Ndipo ife a dziko lino tiyenera kumva msanga koposa ena, chifukwa mankhwala omwewo tinamwetsedwa. Abale athu amene anapita kukagwira nchito m'mafamu ndi m'migodi ya ku Southern Rhodesia, imene lero ndi Zimbabwe, ankachedwa "Mabhurandaya", kuchokera ku dzina la Blantyre, ndi maina ena oipa koposa pamenepo. Chifukwa chake chinali chomwecho: anali alendo opanda munda, ogwira nchito imene eni dziko ankaikana. Mchewa, Myao, Mtonga ndi Mlomwe, onse anaphimbidwa ndi dzina limodzi ataoloka Zambezi.

Tsopano ndilankhule ndi inu mafumu ndi anyakwawa, pakuti mabwalo ali m'manja mwanu. Dzina lakale lija silimvekanso kawirikawiri pa bwalo, koma liripo lina limene ligwira nchito yomweyo, ndilo "obwera". Mlandu wa malire a munda ukabvuta, wina amaimirira nati, "Awa asalankhule, ngobwera." Mukafunsa bwino mupeza kuti wobwerayo agogo a agogo ake anafika m'mudzimo nkhondo ya 1914 isanathe, ndipo manda a mibadwo inai ali kuseri kwa mudzi womwewo. Liu lotere likaloledwa pa bwalo, mboni zisanalankhule mlandu wapendekeka kale. Mfumu iri ndi mphamvu yoletsa, nkunena kuti tiweruza za malire, ndani analima pati ndi kuyambira liti.

Ife alangizi timaona zotsatira zake m'minda. Munthu amene amakumbutsidwa chaka ndi chaka kuti ngwobwera sabzala mitengo, pakuti sadziwa ngati adzadya zipatso zake. Saumba milambala, sabzala udzu wa vetiva m'mphepete mwa mizere, sathira manyowa amene phindu lake lioneka patapita zaka ziwiri kapena zitatu. Amalima za chaka chimodzi basi. Ndipo munda wake ukakhala kumtunda, madzi a mvula amene akokolola nthaka yake safunsa mtundu wa mwini munda wakumunsi. Chigwembe chimayambira kwa iye nkudzathera kwa inu. M'mapiri a ku Thyolo ndi Chiradzulu, kumene mabanja ambiri alima munda wosakwana ekala imodzi kapena ziwiri, chigwembe chimodzi chikhoza kudya chakudya cha nyumba zingapo.

Polemba maina a kalabu ya alimi kapena a komiti ya mudzi, lembani munthu ndi dzina limene iye mwini wakuuzani, ndipo ngati pepala lifunsa mtundu, mfunseni iye, musamyankhire.

Sabata ya mawa pa nthawi yomwe ino tidzakamba za kasungidwe ka nandolo ndi makaka kuti zisafumbwe. Tsalani bwino nonse.