Mudzi wa Mahmud ndi Mtsinje wa Citarum: Mbiri ya Anthu Amene Sankakumba Chitsime

Kwa mibadwo yambiri, m'mudzi wa Mahmud pa chilumba cha Java m'dziko la Indonesia mudalibe chitsime ngakhale chimodzi. Makolo a m'mudzimo adaletsa kukumba, ndipo ana ndi zidzukulu zawo adasunga chiletsocho mosavutika, pakuti mtsinje wa Citarum unkadutsa pakhomo pawo ndi madzi oyera. Lero zitsime zilimo, ndipo mtsinjewo adasiya kuumwa. Abale ndi alongo, ife okhala m'mphepete mwa nyanja, amene timamwa, kuchapa ndi kupanga wudhu ndi madzi amene sitidawagule, tiyenera kuimvetsa mbiri ya kusintha kumeneku.

Mahmud ndi mudzi waung'ono wa anthu a mtundu wa Sunda. Asunda ndiwo mtundu wachiwiri kukula m'Indonesia, pambuyo pa Ajava. Kalembera wa mu 2010 adawapeza opitirira 36 miliyoni, ndipo pafupifupi onse ndi Asilamu. Mudziwu uli m'dera la Mekarrahayu ku Margaasih, kum'mwera chakumadzulo kwa mzinda wa Bandung. Dziko la kumeneko lidakhala ngati mbale yaikulu yozingidwa ndi mapiri ophulika moto, pa mtunda wa mamita pafupifupi 700 kuchokera pa nyanja yamchere. Kalekale mbaleyi idali nyanja, ndipo mpaka lero madzi onse a m'menemo amatulukira pa mpata umodzi wopapatiza, pa mathithi a Curug Jompong. N'chifukwa chake nthaka ya m'munsi ndi yalowe, ndipo mvula ikachuluka madzi amachedwa kuchoka. Mtsinje wa Citarum umayambira pa kasupe wa Cisanti m'phiri la Wayang, nudutsa m'mbale imeneyi, nuyenda makilomita pafupifupi 300 kukathira m'nyanja ya Java.

Chisilamu chidafika kwa Asunda kudzera m'madoko a kumpoto. Ku Cirebon kudali Syarif Hidayatullah, amene Aindonesia amamutcha Sunan Gunung Jati, mphunzitsi ndiponso mfumu, amene adamwalira mu 1568. Doko la Sunda Kelapa, pamene lero pali Jakarta, lidalowa m'manja mwa Asilamu mu 1527, ndipo ufumu wakale wa Pajajaran udatha mu 1579. Kuchokera m'madokomo, aphunzitsi adakwera pang'onopang'ono kulowa m'mapiri a Priangan, m'mene muli Bandung. Anthu a ku Mahmud amati amene adayamba mudzi wawo ndi mmodzi wa aphunzitsi otere, Eyang Abdul Manaf, ndipo amamuwerengera m'banja la Syarif Hidayatullah. Mawu akuti eyang amatanthauza agogo. Malinga ndi mbiri imene amasiyirana pakamwa, iye adapita ku Makka, nabwerako ndi dothi lodzaza dzanja, naliwaza pa dambo la m'gombe la Citarum, namangapo mudzi umene adautcha Mahmud, ndiko kuti wotamandidwa.

Mbiri yomweyo imati adasankha dambo pofuna kubisala kwa atsamunda. Kampani ya malonda ya Adatchi, yotchedwa VOC, idalandira dziko la Priangan kuchokera ku ufumu wa Mataram kudzera m'mapangano a mu 1677 ndi 1705. Posakhalitsa idaona kuti khofi amakula bwino m'mapirimo, ndipo kuyambira m'zaka za m'ma 1720 mabanja a Asunda ankakakamizidwa kudzala khofi ndi kumupereka kwa mafumu awo pa mtengo umene kampaniyo yanena. Amene tidamva agogo athu akusimba za thangata tikudziwa kulemera kwa goli lotere. Kampaniyo idatha mu 1799, koma boma la Adatchi lidapitiriza mchitidwewo mpaka mu 1870, ndipo khofi wokakamiza adatheratu m'zaka zoyambirira za m'ma 1900. Pa nthawi yotereyo, malo ozingidwa ndi madzi, ovuta kufikako pa kavalo, adali pothawira pabwino kwa mphunzitsi ndi ophunzira ake.

Ziletso za m'mudzimo zimamveka tikazionera pa mantha amenewo ndi pa nthaka imeneyo. Kudali koletsedwa kumanga nyumba ya njerwa, kuika galasi pa zenera, kukumba chitsime, kuweta atsekwe, ndi kuomba goong, imene ndi mbale yaikulu yamkuwa yoimbira pa magule. Atsekwe amasokosera, goong amamveka kutali, ndipo anthu obisala safuna phokoso. Njerwa ndi zolemera pa nthaka yalowe, ndipo chitsime chokumbidwa m'dothi lofewa chimagumuka. Akuluakulu amaonjezanso chifukwa cha mumtima: nyumba ya njerwa ndi galasi zidali zizindikiro za kunyada ndi za moyo wa atsamunda, pamene mphunzitsi wawo ankafuna kuti pasakhale wina wodzikweza pa anzake.

Motero nyumba zawo zidali za mtundu wakale wa Asunda. Nsanamira zamatabwa amazikhazika pa miyala, osazikumbira pansi, ndipo nyumba yonse imakhala pamwamba ngati nsanja. Makoma ndi a nsungwi zoluka, zimene amazitcha bilik, ndipo mphepo imalowa m'timipata take. Pansi pa nyumba pamatsala malo osungira nkhuni ndi nkhuku. Madzi akasefukira pang'ono amadutsa kunsi, ndipo chivomezi chikabwera nyumba imagwedezeka osagwa, pakuti ndi yopepuka. Mkati muli chipinda chaching'ono chotchedwa goah, chosungiramo mpunga, chimene m'mwambo wa Asunda ndi dera la amayi. Nyumba yotere ikakalamba imakonzedwa ndi nsungwi za m'munda wa mwini wake ndi manja a anansi.

Tikawerenga chuma cha banja la m'mudzi wotere tipeza zinthu zochepa: nyumba, munda wa mpunga wothiriridwa umene amautcha sawah, kamunda ka nsungwi ndi nthochi, mwinanso dziwe la nsomba. Malo amawayesa ndi muyeso wotchedwa tumbak, umene ndi mamita 14 m'bwalo lake lonse, ndipo kuchepa kwa muyesowo kukutiuza kuchepa kwa minda. Wopanda munda ankalima wa mnzake n'kugawana zokolola pakati. Malo a mzikiti, a madrasa ndi a manda ankakhala a wakafu, osagulitsidwa ndiponso osalowa m'chuma chamasiye. Koma pamwamba pa zonsezi padali chuma chimodzi chimene sichidalembedwe pa dzina la munthu aliyense, ndicho mtsinje. Udali madzi akumwa, bafa, pochapira, malo ophera nsomba, njira ya mabwato, ndiponso linga lotchinga adani. Chiletso cha chitsime chinkatheka chifukwa cha mtsinjewo, ndipo moyo wosalira zambiri umene mudziwo unkanyadira udatsamira pa madzi amenewo.

Tsopano tiyang'ane ku mzinda. Mu 1808 bwanamkubwa Herman Willem Daendels adayamba kumanga mseu waukulu wa makilomita pafupifupi 1,000 kuchokera ku Anyer mpaka ku Panarukan. Likulu la mfumu ya Bandung lidali ku Krapyak, m'gombe la Citarum, pamene lero pakutchedwa Dayeuhkolot. Mfumu Wiranatakusumah II idasamutsira likululo kumpoto, pafupi ndi mseu watsopanowo, ndipo tsiku la 25 September 1810 ndilo limene Bandung amaliyesa lobadwa. Njanji idafika mu 1884, eni minda ya tiyi adamanga mahotela ndi masitolo, ndipo mu April 1955 mzindawu udalandira msonkhano waukulu wa mayiko a Asia ndi Africa. Pofika 2020 mumzinda mwenimwenimo mudali anthu opitirira 2.4 miliyoni, ndipo boma la Bandung louzungulira lidali ndi ena opitirira 3.6 miliyoni.

Anthu ochuluka chotere amafuna ntchito, ndipo ntchito yaikulu ya m'mbale ya Bandung idakhala yoomba nsalu. Ku Majalaya, kumtunda kwa mtsinje, anthu adayamba kuomba nsalu m'masiku a Adatchi. Kuyambira m'zaka za m'ma 1970 mafakitale akuluakulu adachuluka kumeneko, ku Dayeuhkolot ndi ku Cimahi. Kunyika nsalu mu utoto kumadya madzi ambiri, ndipo mafakitale ochuluka ankabwezera madziwo mumtsinje asadawayeretse. Pamodzi ndi utotowo munkalowa zonyansa za m'zimbudzi za mumzinda, ndowe za m'makola a ng'ombe kumapiri, zinyalala za pulasitiki, ndi dothi lokokoloka m'mapiri amene mitengo yake idadulidwa pofuna minda ya ndiwo zamasamba. Mahmud ali kumunsi kwa malo ambiri otere, ndipo zonsezi zinkadutsa pakhomo pake. Mu 2013 mabungwe a Blacksmith Institute ndi Green Cross Switzerland adaika Citarum pa mndandanda wa malo khumi oipitsidwa kwambiri pa dziko lonse.

Apa nkhani ya mtsinje idasanduka nkhani ya twahara. Asunda amatsata mazihabu a Imam Shafi'i, amenenso makolo athu adalandira kuchokera ku gombe la Aswahili. Mwana aliyense wa ku madrasa amaphunzira kuti madzi ambiri sadetsedwa ndi najisi yogweramo, pokhapokha najisiyo itasintha mtundu, fungo kapena kukoma kwake. Kwa mibadwo yonse ya m'mbuyo, mtsinje waukulu ngati Citarum sudafunike kuuyesa ndi lamulo limeneli. Koma madzi atayamba kubwera akuda lero, ofiira mawa, onunkha ndi oyabwa pakhungu, funso lidafika pa khomo la mzikiti. Mudzi umene udamangidwa kuti anthu aswali ndi kuphunzira mwamtendere udasowa madzi opangira wudhu.

Akuluakulu a mudzi adakhala pansi, napemphera, nalola kuti zitsime zikumbidwe. Chimene chidawathandiza ndi kusiyanitsa kumene Asunda amakudziwa bwino. Chiletso cha makolo amachitcha pamali, ndipo pamali si haramu. Palibe lamulo la chipembedzo loletsa chitsime kapena galasi. Udali mwambo woikidwa ndi anthu anzeru pa chifukwa chodziwika, ndipo chifukwacho chitatha, thanzi la ana ndi twahara ya Swala zidayenera kutsogola. Komabe tizindikire kuti kusinthaku sikudachokere m'mitima ya eni mudzi. Iwo sadatope ndi mwambo wawo. Adaulandidwa ndi anthu okhala kumtunda, amene ambiri a iwo sadamvepo dzina la Mahmud.

Zina zidatsatira. Pofuna kuchepetsa kusefukira kwa madzi, boma lidawongola mtsinje m'malo ambiri amene unkakhota, ndipo pa Mahmud padatsala khwawa lakale la madzi osayenda pambali pa ngalande yatsopano. Mlatho ndi mseu zidachotsa kubisika kwa mudziwo. Minda yambiri ya mpunga ya ku Margaasih idasanduka mafakitale ndi nyumba za anthu ogwira ntchito mumzinda, ndipo mu December 2017 adatsegula mseu wolipira wochokera ku Bandung kupita ku Soreang, wodutsa m'dera lomwelo. Amuna ambiri a ku Mahmud lero ndi akalipentala, opanga mipando, makama ndi makabati zogulitsa mumzinda. Ena amapeza ndalama pogulitsa zakudya kwa alendo odzaona manda a Eyang Abdul Manaf, amene amachuluka usiku wa Lachinayi. Za maulendo a ku manda otere ma ulamaa amasiyana maganizo kumeneko monga amasiyanirana kwathu kuno, ndipo pano tikungonena kuti alendowo ndi mbali ya chuma cha mudziwo. Nyumba za nsungwi zikadalipo zambiri, koma galasi ndi simenti zayamba kuoneka.

Mtsinjewo sudatayidwe kotheratu, chifukwa anthu mamiliyoni amaudalira. Madamu atatu, Jatiluhur wa mu 1967, Saguling ndi Cirata a m'zaka za m'ma 1980, amapanga magetsi, amathirira minda ya mpunga ya kugombe la kumpoto, ndipo gawo lalikulu la madzi a m'mipopi ya Jakarta limachokera m'menemo. Mu 2018 mtsogoleri wa dzikolo, Joko Widodo, adakhazikitsa ntchito yotchedwa Citarum Harum, ndiko kuti Citarum wonunkhira. Adagawa mtsinje m'zigawo, naika asilikali kuti achotse zinyalala, adzale mitengo ndi kutseka mipaipi ya mafakitale otayira madzi oipa. Mu January 2020 adatsegula ngalande ziwiri zoboola phiri ku Nanjung, pafupi ndi Curug Jompong, kuti madzi osefukira azituluka msanga. Zinyalala zoyandama zidachepa m'malo ambiri. Koma madzi amene mwana angawamwe ndi chikhatho sadabwerere, ndipo zitsime za ku Mahmud sizidzakwiriridwanso.

Akale adati chitsime chimadziwika kuya chikaphwa. Anthu a ku Mahmud ankadziwa malire a munda uliwonse mpaka pa tumbak imodzi, ankadziwa za wakafu ndi za chuma chamasiye, ndipo adasunga ziletso za agogo awo mokhulupirika. Chinthu chokhacho chimene chidalibe mlonda ndi chimene onse ankachidalira, chifukwa malire ake adali kutali, kumapiri ndi kumafakitale kumene mawu a akulu a mudzi sankafika. Allah adatipatsa ifenso madzi otere. Nyanja yathu ikadali yoyera m'malo ambiri, koma matauni a m'mphepete mwake akukula, mitsinje yothira m'menemo ikubwera ndi dothi la m'mapiri opanda mitengo, namasupuni tamuona, ndipo mapepala apulasitiki tikuwatola m'makoka pamodzi ndi usipa. Pamene tikuphunzitsa ana athu malamulo a madzi a twahara, tiwaphunzitsenso kufunsa kumene madziwo achokera ndi amene akutayiramo zinthu. Ndipo pamene mafumu, makomiti a m'madoko ndi a boma akukambirana za malo a m'gombe, ife a m'mizikiti tikhalepo ndi kuyankhula madzi akadali oyera.