Masauko Chipembere: Phungu Amene Adasiya Mpando Kawiri

Munthu ukamachoka ku Lungwena kupita ku boma la Mangochi, msewu umakudutsitsa pa Malindi. Ambiri timangoonapo tchalitchi cha Anglican ndi chipatala, osadziwa kuti pamenepa mpamene padali kwawo kwa Henry Masauko Chipembere, mmodzi mwa aphungu olimba mtima kwambiri amene dziko lino lidakhalapo nawo.

Chipembere adabadwa pa 5 Ogasiti 1930. Bambo ake, a Habil Chipembere, adali mphunzitsi ndipo kenaka adadzozedwa unsembe mumpingo wa Anglican. Mnyamatayu adaphunzira ku Blantyre Secondary School, ku Goromonzi m'dziko la Southern Rhodesia ndi ku Fort Hare ku South Africa. Atabwera ndi digiri, boma la atsamunda lidamulemba ntchito yothandiza DC, ndipo adagwirako ku Fort Johnston, komwe lero timati Mangochi.

Ife ogwira ntchito m'boma tikudziwa kuti malipiro a mwezi ndi mwezi ndi chingwe chovuta kudula. Koma iye adachidula. M'chaka cha 1956 adalowa m'Nyumba ya Malamulo ku Zomba ngati mmodzi mwa aphungu achikuda asanu, pamodzi ndi Kanyama Chiume. Awiriwa adapanikiza azungu ndi mafunso okhudza chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, mpaka anthu ankalimbirana mabuku olembamo zokambirana za m'Nyumbamo. Ndi Chipembere yemweyu amene adalimbikira kulembera makalata Dr. Kamuzu Banda kuti abwere kudzatsogolera Nyasaland African Congress, ndipo Kamuzu adafika pa 6 Julaye 1958.

Ufulu adaulipira ndi ndende. Mu 1959 adamutsekera ku Gwelo. Atatuluka mu 1960 sadakhalitse panja: mu 1961 adamumanganso pa mlandu woutsa mitima ya anthu, ndipo adatuluka mu Januwale 1963 n'kukhala nduna.

Mpando wachiwiri adausiya mu Seputembala 1964. Nduna zidasemphana ndi Kamuzu pa nkhani ya tiki yolipira kuchipatala, malipiro a ogwira ntchito m'boma achikuda, ubale ndi Apwitikizi komanso kulamulira kosafunsa anzake. Chipembere, yemwe adali nduna ya maphunziro, adali ku Canada. Adakatha kukhala chete n'kusunga galimoto ndi nyumba ya boma. M'malo mwake adatula pansi udindo n'kukakhala kumbali ya anzake ochotsedwa, akadali phungu wa kuno.

Zotsatira zake n'zowawa. Adamulamula kuti asachoke ku Malindi, iye n'kuthawira kunkhalango. Usiku wa 12 Febuluwale 1965 adatsogolera anthu pafupifupi 200 n'kulanda boma la Fort Johnston, koma pa Liwonde adapeza pantoni ili tsidya lina la Shire, ulendo wa ku Zomba n'kuthera pomwepo. Iye adathawira ku America, koma midzi ya kuno idatsala pamoto: nyumba zidatenthedwa, anthu ambiri adamangidwa. Pa ichi Chipembere sitingamuyeretse kotheratu, pakuti mfuti zake adazilipira ndi alimi ndi asodzi.

Adamwalira ku Los Angeles pa 24 Seputembala 1975 ndi matenda a shuga, ali ndi zaka 45. Lero msewu waukulu wa ku Blantyre umatchedwa dzina lake. Koma funso limene adatisiyira ife a kunyanja lidakalipo: kodi phungu amene timamuvotera angalolere kutaya mpando chifukwa cha tiki ya mayi wodwala wa ku Lungwena?