Kanema wa nkhondo ya ku Angónia: kamera inafika anthu akubwerera kwawo

Munthu akamachoka ku Dedza kulowera ku Ntcheu, msewu wa tala umakhala malire: kumanzere ndi Malawi, kumanja ndi Mozambique. Pa Lizulu, amayi ogulitsa kachewere ndi kabichi amawoloka msewuwo tsiku lonse osaganizako za pasipoti. Kuseri kwa mapiri a kumanjawo kuli Ulongwe, likulu la boma la Angónia, lomwe Apwitikizi ankalitcha Vila Coutinho.

Nkhondo ya pakati pa Frelimo ndi Renamo inafika kumapiri amenewa chapakati pa zaka za m'ma 1980. Mu Okutobala 1985 ansembe awiri a chipani cha Yezuiti, João de Deus Kamtedza ndi Sílvio Moreira, anaphedwa ku Chapotera, kufupi ndi mishoni ya Lifidzi. Chakumapeto kwa 1986 asilikali a Renamo, amene anthu ankangowatcha Matsanga, analowa mu Ulongwe mwenimwenimo. Midzi inatsala mabwinja, nkhokwe zinapsa, ng'ombe zinatengedwa. Anthu anakhamukira ku Dedza ndi ku Ntcheu, kumene ambiri anafikira m'midzi ya abale awo, poti chilankhulo ndi chimodzi, mafuko ndi omwewo, Achewa ndi Angoni. Pofika 1992 Malawi inali ndi othawa nkhondo oposa miliyoni imodzi.

Chopweteka n'chakuti kamera sinafikeko, ngakhale kuti Mozambique linali dziko lokonda kanema kuposa maiko ambiri a mu Africa. Dzikoli litangolandira ufulu mu 1975, boma la Samora Machel linakhazikitsa Instituto Nacional de Cinema ku Maputo. Bungweli linkatulutsa Kuxa Kanema, kanema wa nkhani wa mphindi khumi, ndipo magalimoto ankayenda nayo m'midzi kukaonetsa usiku pabwalo. Akatswiri a kunja monga Jean Rouch ndi Jean-Luc Godard anafika kudzaona ntchitoyi, ndipo Ruy Guerra anajambula Mueda, Memória e Massacre, mmene anthu a ku Mueda ankasewera okha za kuphedwa kwa abale awo mu 1960. Koma kamera imeneyi inali ya boma, ndipo inkaloza kumene boma lafuna: misonkhano ya Samora, minda ya m'magulu, asilikali akuguba. Nkhondo itakula, misewu inadzaza mabomba okwirira, magalimoto aja analeka kuyenda. Mu 1991 moto unawononga nyumba ya bungwelo.

Anthu a ku Tete anali ataona kale kuti choipa chochitika popanda wojambula chimakanidwa mosavuta. Pa 16 Disembala 1972 asilikali a Chipwitikizi anapha anthu mazanamazana ku Wiriyamu. Nkhaniyi inatuluka kudzera mwa ansembe, ndipo Adrian Hastings anailemba mu nyuzipepala ya The Times ya ku London mu Julayi 1973. Boma la ku Lisbon linakana. Panapita zaka pafupifupi 50 kuti nduna yaikulu ya Portugal ya nthawi imeneyo, António Costa, ipepese mu 2022.

Nthawi ya Renamo, atolankhani a kunja ankajambula kwambiri tsidya lino la malire, m'misasa ya othawa nkhondo monga ya ku Nsanje. Zithunzi zake tikuzidziwa: mizere ya anthu odikira ufa ndi nandolo, mwana wotupa mimba ali pa sikelo, mzungu akufotokozera kamera. Zinathandiza, chifukwa chimanga chinabwera ndipo anthu anapulumuka. Koma mayi wa pamzerepo sankafunsidwa dzina la mudzi wake, kapena amene anamusiya m'njira osamuika m'manda. Ngakhale lipoti lotchuka la Robert Gersony la mu 1988, lomwe linamva umboni wa othawa nkhondo pafupifupi 200, linali la papepala, lolembera boma la America.

Kanema amene anamvetsera anthuwo anabwera mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Licínio Azevedo, wobadwira ku Brazil koma wokhazikika ku Mozambique, anajambula A Árvore dos Antepassados, yomwe inatuluka chapakati pa zaka za m'ma 1990. Anatsatira banja limodzi la ku Tete lomwe linathawira ku Malawi mu 1984 ndipo linkabwerera patatha zaka khumi. Mulibe mfuti zolira m'kanemayu. Muli katundu wa pamutu, ulendo wautali, ndi nkhawa imodzi yaikulu: anachoka mothamanga osatsanzika makolo, ndiye ayenera kukafika pa mtengo wa mizimu kukapepesa ndi kuthira nsembe. Aliyense wokulira m'mudzi wa Chichewa kapena wa Chingoni akumvetsa kulemera kwa mlandu umenewu. Bungwe lothandiza limawerenga matumba a ufa ndi malata. Banjali linkawerenga manda osasesedwa. Kwa ine, apa mpamene kanema wa nkhondo imeneyi anayamba kunena zoona.

Azevedo anabwereranso ku nkhani ya nkhondoyi mu 2016 ndi Comboio de Sal e Açúcar, sewero la sitima yochoka ku Nampula, yonyamula anthu okasinthanitsa mchere ndi shuga cha ku Malawi.

Masiku ano wojambula ndi mwini tsoka yemwe. Waad al-Kateab anajambula moyo wake ndi wa mwana wake mu mzinda wa Aleppo nkhondo ili mkati, ndipo For Sama inatuluka mu 2019. Kanema wa Mstyslav Chernov, 20 Days in Mariupol, analandira mphoto ya Oscar mu 2024. Achinyamata a ku Ulongwe, Domwe ndi Tsangano nawonso ali ndi foni zojambula m'thumba, ndipo agogo awo amene anawoloka malire usiku, ana ali kumsana, akadalipo ena, ngakhale akutha chaka ndi chaka. Nkhani zawo amazikamba m'Chichewa, pamaliro ndi pamowa, kawirikawiri motsitsa mawu, chifukwa wa Frelimo ndi wa Renamo anabwerera m'mudzi umodzi ndipo amatunga pa chitsime chimodzi. Wofuna kuwajambula ayambe wapita kwa amfumu, akhale pansi, apemphe chilolezo, avomerenso kuti ena adzakana.

Mantha awo ali ndi chifukwa. Mu 2016, mfuti zitayambanso kulira m'madera ena a Tete, anthu zikwi zingapo anawolokanso malire n'kukamanga zisakasa ku Kapise m'boma la Mwanza, kenaka anasamutsidwira ku Luwani, msasa womwewo umene unasunga othawa nkhondo yoyamba ija.