Malo a Woweruza Wosunga Mipukutu

Mu mzinda wa London, ku Mangalande, muli msewu wotchedwa Chancery Lane. M'mbali mwa msewu umenewu munali malo amene woweruza wina wamkulu ankakhalapo ndi kuweruzirapo milandu. Angerezi amamutcha woweruzayo Master of the Rolls, ndiko kunena kuti Mkulu Wosunga Mipukutu. Dzinali linadza chifukwa kale alembi a mfumu ankalemba pa zikopa za nkhosa. Ankasoka zikopazo pamodzi, nazikulunga monga mkeka.

Malowo sanali a woweruza mwini. Anali a udindo wake. Iye akafa, ana ake sankalandira nyumba kapena bwalo. Zonse zinkapita kwa wolowa m'malo mwake. Zimene zimatsimikiza nkhani iyi ndi zikalata.

Chikalata choyamba ndi cha chaka cha 1232. M'chaka chimenecho Mfumu Henry III inamanga pamenepo nyumba ndi kachisi, kuti mukhale Ayuda amene analowa Chikhristu. Anthu amenewa anali pa mavuto, pakuti potembenuka chuma chawo chinkalandidwa ndi mfumu. Tsono mfumuyo inawapatsa pogona ndi kandalama ka chakudya. Koma m'chaka cha 1290 Mfumu Edward I inapirikitsa Ayuda onse m'dzikomo, ndipo okhala m'nyumbayo anayamba kuchepa.

Mafumu anazolowera kupereka nyumbayo kwa mmodzi wa alembi awo kuti aziyang'anira. Mmodzi wa iwo, William Burstall, anaipeza itagumuka, naikonza. Pamenepo, m'chaka cha 1377, Mfumu Edward III inalembetsa chikalata china, chonena kuti malowo akhale a Wosunga Mipukutu mpaka kalekale. M'kupita kwa nthawi mlembi wosunga mipukutuyo anasanduka woweruza, ndipo kachisi uja anadzala ndi mipukutu. Anthu ankapemphera m'menemo zikopa zili m'makabati pambali pawo.

Koma malo a udindo ali ndi vuto lake. Pa malopo panali nyumba zina zimene anthu ankakhalamo nalipira lendi kwa woweruza. Nyumbazo zinakalamba. Nanga akanamanga zatsopano ndani? Woweruza sakanatha kulonjeza munthu zaka zambiri, popeza iye mwini sanadziwe tsiku lake lakufa, ndipo womtsatira akanatha kukana panganolo. Mmisiri wanzeru sataya njerwa zake pa malo amene angachotsedwepo mawa. Chotero nyumbazo zinangoipiraipira.

M'chaka cha 1660 Nyumba ya Malamulo inakonza mlanduwo. Inaika lamulo lolola woweruzayo kubwereketsa malo kwa zaka zowerengeka, kuti nyumba zakale zimangidwenso. Kuyambira pamenepo zikalata za pangano zinachuluka. Chikalata chotere chimatchula dzina la wobwereka, malire a malo, lendi ya pa chaka, ndi chaka chimene pangano lidzatha. Pansi pake pamakhala chidindo. Mawu ake ndi otopetsa kuwerenga, pakuti alembi a malamulo amabwereza chinthu chimodzi katatu. Komabe kubwerezako ndiko kunatseka pakamwa pa okonda mikangano.

Amene anamanga kwambiri ndi Sir Joseph Jekyll, amene anakhala pa udindowo kuyambira 1717 mpaka 1738. Iye anaitana mmisiri Colen Campbell, namangitsa nyumba yaikulu yatsopano ya woweruza, yotchedwa Rolls House. Anamangitsanso nyumba zambiri za lendi pa malo omwewo.

Patapita zaka pafupifupi 100, Boma linali pa vuto lina. Zikalata za dziko zinali zomwazika m'malo ambiri: zina ku Tower of London, zina ku Westminster, zina m'kachisi uja, zina m'makola a akavalo. Chinyezi chinaziwolesa, makoswe nazidya. Ndiponso m'chaka cha 1834 moto unapsereza Nyumba ya Malamulo, ndipo anthu anaona kuti zikalata zikhoza kutha usiku umodzi.

Pa nthawi imeneyo woweruza anali Lord Langdale. M'chaka cha 1837 lamulo linabweza malo onse aja m'manja mwa Boma, ndipo woweruza anayamba kulandira malipiro okhazikika m'malo mwa lendi. Pangano la 1377, lija la mpaka kalekale, linatha litakhala zaka 460. M'chaka chotsatira, 1838, lamulo lina linakhazikitsa Public Record Office, ndiyo nyumba yosungiramo zikalata za dziko, ndipo woyang'anira wake anali woweruza yemweyo. Anataya malo, koma mipukutu m'manja mwake inachuluka koposa kale.

Kumanga kunayamba mu 1851. Mmisiri James Pennethorne anaopa moto, nagawa nyumbayo m'tizipinda tambiri, ndi zitseko zachitsulo ndi mashelefu a miyala. Pokuza nyumbayo anagwetsa kachisi wakale uja mu 1895, ngakhale anthu okonda zakale anadandaula. Rolls House nayonso inagwetsedwa zaka zowerengeka pambuyo pake. Anasungako zikumbutso za pa manda zimene zinali m'kachisimo, monga cha John Yonge, Wosunga Mipukutu amene anamwalira mu 1516.

Lamulo la 1958 linachotsa ntchito yoyang'anira zikalata kwa woweruzayo, koma dzina lake silinasinthe. Mu 1977 anatsegula nyumba yatsopano ku Kew, kumadzulo kwa London, ndipo mu 1996 zipinda zowerengeramo za ku Chancery Lane zinatsekedwa. Mipukutu ya mafumu aja tsopano ili ku Kew, pamodzi ndi makalata amene abwanamkubwa a Nyasaland ankatumiza ku London. Nyumba ya ku Chancery Lane inasanduka laibulale ya King's College London, ndipo chikumbutso cha John Yonge chikadali m'chipinda chimene chinamangidwa pamene panali kachisi.