Kuikiza Zolembedwa Kutali: Kuchokera ku Zomba Kufika ku Milonde

M'chaka cha 1919 moto udapsereza maofesi a likulu la boma la atsamunda ku Zomba, ndipo mapepala ambiri a zaka zoyambirira za ulamuliro wa Nyasaland adasanduka phulusa. Mbiri ya nthawiyo sidatheretu chifukwa makalata amene abwanamkubwa ankalembera akuluakulu awo adali atafika kale ku London, kumene akusungidwa mpaka lero. Nyumba yosungiramo zolembedwa zakale za dziko lino idadzakhazikitsidwa ku Zomba komweko mu 1947. Chidapulumutsa makalatawo ndi mtunda, nzeru imene alimi a ku Milonde m'boma la Mulanje adaidziwa kalekale poikiza mbuzi kwa mbale wa mudzi wina, kuti nthenda kapena akuba asapulule khola lonse.

Pa chipatala chaching'ono cha Milonde, monganso m'zipatala zina za boma, mbiri ya wodwala imalembedwa pawiri: m'kaundula wotsala pa shelefu, ndi m'kabuku kamene mayi amakakulunga m'jumbo poopa mvula. Kutha kwa mwezi lipoti limapita ku boma, kumene kuyambira mu 2012 ziwerengero zimalowetsedwa mu DHIS2, ndondomeko ya pa intaneti imene imazitumiza ku seva ya Unduna wa Zaumoyo, seva kukhala kompyuta yaikulu yosunga uthenga ndi kuugawira makompyuta ena. Komabe chimene chimayenda ulendowu ndi chiwerengero cha odwala malungo kapena cha ana obayidwa katemera, pomwe dzina la mwana ndi mankhwala amene adalandira zimatsala m'mapepala awiri aja, amene ali m'dera limodzi ndipo madzi amodzi angawanyowetse tsiku limodzi. Namondwe wa Freddy, amene adasakaza Mulanje ndi Phalombe mu Marichi 2023, adaonetsa kuti chiopsezochi si chongoganizira.

Akatswiri a makompyuta amathana ndi vutoli polumikiza maseva awiri otalikirana, kotero kuti chilichonse cholembedwa pa yoyamba chimakoperedwa pa yachiwiri, nthawi yomweyo kapena usiku intaneti ikapepukidwa. Ndipo popeza cholakwika nachonso chimakopereka, amasunga padera makope a masiku am'mbuyo. Boma lidatsegula nyumba yaikulu ya maseva ku Blantyre mu 2022, chinthu choyamikika ndithu, koma namondwe yemwe adagumula nyumba ku Mulanje ndi yemwenso adakokolola anthu ku Chilobwe mumzindawo, kotero kope lachiwiri la zolembedwa za ku Milonde liyenera kukhala kunja kwa chigawo cha kummwera.