Penti Wosauma Msanga: Mbiri ya Kujambula Uku Tikulera

Anzanga amene tinali kalasi imodzi mukukumbukira kuti ine chibalo sichinkandisowa, chifukwa chodzaza masamba akumapeto a kope la masamu ndi zithunzi za nkhuku ndi nkhope za aphunzitsi. Pamsonkhano wathu wapitawu, mnzathu wina ataona chithunzi cha mapiri a kwathu ku Neno chimene ndinabweretsa, anandifunsa kuti, "Achemwali, ana anayi, munda ndi ntchito, nanga nthawi mumaipeza kuti?" Tsiku limenelo ndinangoseka. Lero ndati ndiyankhe bwinobwino, ndipo ndiyambira kale.

Kujambula si kwachilendo m'dziko muno. Ku Chongoni m'boma la Dedza kuli malo 127 a zithunzi za m'mapanga, amene bungwe la UNESCO linawalemba m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi mu 2006. Zithunzi zofiira akuti zinajambulidwa ndi Akafula, pamene zoyera ndi za Achewa, ndipo zina mwa izo ankajambula ndi amayi polangiza atsikana kuchinamwali. Amayi amenewo anali ndi minda, mitondo ndi makanda monga ife tomwe. Inenso ndinakula ndikuona agogo anga akuzira nyumba tikatha kukolola, kenaka n'kulemba maluwa pakhoma ndi dothi lofiira, lakuda ndi loyera, mdzukulu ali kumbuyo. Sankadikira kuti ana ayambe akula.

Penti wa mafuta ndiye anachokera kunja. Anatchuka ku Ulaya m'zaka za m'ma 1400 ndi amisiri monga Jan van Eyck, amene anamwalira mu 1441. Masiku amenewo utoto ankachita kupera pamwala n'kusakaniza ndi mafuta a njere za linseed, ntchito yofuna anyamata othandiza ndiponso tsiku lathunthu. Kwa mayi wa ana inali ntchito yovuta kwambiri. Zinthu zinasintha mu 1841 pamene John Goffe Rand anatulukira kachubu kachitsulo kosungiramo penti. Kuyambira pamenepo munthu ankatha kutsekula, kufinya pang'ono, n'kutsekanso. Mayi wina wa ku France, Berthe Morisot, atabereka mwana wake Julie mu 1878, sanasiye kujambula. Anayamba kumajambula mwanayo.

Kuno kwathu kunalibe zipangizo zotere, koma anthu sanagwire njakata. Ku Mozambique, Malangatana ankagwira ntchito yotola mipira pabwalo la tenisi mumzinda umene lero ndi Maputo asanatchuke ndi zojambula zake. Ku Dar es Salaam, Edward Saidi Tingatinga anayamba mu 1968 kujambula ndi penti wa njinga pa mabolodi a siling'i, ndipo ngakhale anamwalira mu 1972, kajambulidwe kake kakadalipobe. M'Malawi muno, Bambo Claude Boucher anakhazikitsa malo a zaluso a Kungoni ku Mua mu 1976, ndipo ku Chancellor College kunali aphunzitsi odziwa penti wa mafuta monga malemu Kay Chiromo. Koma zonsezi zinali kutali ndi mayi wokhala kumapiri a Neno.

Achinyamata ena sadziwa kuti Neno inali mbali ya boma la Mwanza kufikira 2003. Pamene ndinkayamba, m'zaka za m'ma 1990, penti wa m'machubu ankapezeka ku Blantyre kokha kwa ife a kuno, ndipo nthawi ya mvula msewu wotsikira ku Zalewa unkatha kukugoneka panjira. Ndalama zogulira zinkachokera ku manachesi a kuseri kwa nyumba. Ndikagulitsa, ndinkatuma aliyense wopita kutauni kuti andigulire mitundu isanu yokha: woyera, wakuda, wofiira, wachikasu ndi wabuluu. Mitundu ina yonse ndinkaipeza posakaniza. M'malo mwa chinsalu chodula ndinatsanzira Tingatinga: ndinkapempha zidutswa za bolodi kwa akalipentala, n'kuzipaka penti woyera wa m'nyumba kawiri.

Tsono chinsinsi cha nthawi chili mwa penti mwini wakeyo. Penti wa madzi amauma madziwo akangouluka, ndiye ukachokapo ntchito yaonongeka. Wa mafuta sauma motero. Mafutawo amalimba pang'onopang'ono pokumana ndi mpweya, ndipo pamatenga masiku. Mwana akalira, umaika burashi pansi, kukayamwitsa, kuphika ndi kuchapa matewera, n'kubwerako penti akadali wofewa. Ndiponso ukafuna kupaka wina pamwamba, umayenera kudikira kuti wapansiyo aume. Kudikira kumeneku, kumene ena amadandaula nako, kwa mayi ndi mpumulo. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ine ndinasankha theka la ola m'mawa kukangoyera, phala lisanapse, ndi masana a Loweruka ana akagona. Usiku ndinayesa koma ndinalephera, pakuti kuwala kwa koloboyi kumanamiza mitundu: chimene ukuyesa choyera, kukacha umapeza n'chachikasu. Mphamvu ya magetsi inayamba kupangidwa pa Nkula, pamtsinje wa Shire m'malire mwathu momwemu, mu 1966, koma m'nyumba mwanga magetsi anafika ana atakula kale. Chithunzi chimodzi chinkanditengera mwezi kapena iwiri.

Sindingabise kuti ntchitoyi inatsala pang'ono kundilanda mwana. Maburashi ndinkatsukira parafini, ndipo parafiniyo ndinkasunga m'botolo la zakumwa zoziziritsa kukhosi. Tsiku lina ndikuphula nsima, ndinamva mwana wanga wachitatu, wa zaka ziwiri, akutsokomola modabwitsa. Ndinampeza botolo lili m'manja, pakamwa pakununkha. Anansi anati timsanzitse, koma bambo ake anakana n'kuthamanga naye panjinga kuchipatala. Kumeneko anatiuza kuti tinachita bwino, chifukwa mwana womwa parafini akasanza, parafiniyo amalowa m'mapapo. Anagonekedwa masiku atatu n'kuchira. Panalibe woti ndimuloze chala. Wolakwa ndinali ine.

Ndinatsekera zonse m'katoni ndipo kwa zaka ziwiri sindinagwire burashi. Amene anandibweza ndi amayi anga. Tsiku lina anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mwana wanga, moto unakuotcha uli wamng'ono, kodi ine ndinasiya kuphika? Ndinangokusuntha pamafuwa." Bambo a ana anandikhomera bokosi la loko, ndipo kiyi ndinkamangirira kuchitenje. Kuyambira pamenepo ana sindinkawathamangitsanso ndikamajambula. Ndinkawakhazika pamphasa pafupi nane, n'kuwapatsa makala, dothi ndi zikatoni zakale. Phokoso linachepa, ndipo ine mtima unakhala pansi chifukwa ndinkawaona onse.

Lero ana aja ndi akuluakulu. Palibe amene anakhala katswiri wojambula, ndipo inenso sindinagulitsepo chithunzi cha ndalama zambiri. Koma pakhoma panga pali mtsinje wa Lisungwi utadzaza, msika wa manachesi, ndi nkhope ya agogo anga amene sanajambulidwepo ndi kamera. Adzukulu anga amawadziwa kudzera m'chithunzi chimenecho.

Choncho anzanga, makamaka inu amene mwangoyamba kumene mabanja, musanene kuti mudzayamba ana akakula. Akamakula, maso amakhala atayamba kuchita chidima. Yambani ndi theka la ola, mitundu isanu ndi bokosi la loko. Pamsonkhano wathu ukubwerawu ndidzabweretsa mabolodi angapo opaka kale. Amene ankandiseka ndikugwira chibalo adzakhale oyamba kugwira burashi.