Nthano zoopsa za njira ya ku migodi

Pa 17 June 1921, anthu okumba mtovu ndi zinki ku Broken Hill, tauni imene lero ndi Kabwe, anafukula chigaza cha munthu wakalekale. M'mabuku munalowa dzina la Tom Zwiglaar wa ku Switzerland, ndipo chigazacho chinapita ku London, komwe chili mpaka pano ku Natural History Museum ngakhale boma la Zambia lakhala likuchiitanitsa. Mu 2020 akatswiri anati chili ndi zaka pafupifupi 300,000. Mano ake ndi obooka, ndipo chakumanzere, pafupi ndi khutu, pali kabowo. Kabowoko kadyetsa alembi a mabuku a zodabwitsa, amene ena mwa iwo analimbikira zoti ndi pamene panalowa chipolopolo, ngati kuti kalelo kunali mfuti. Odziwa za mafupa amati ndi nthenda kapena chilonda basi.

Komatu nkhani zoimitsa tsitsi kuno sizinayambire papepala. Njanji itafika ku Broken Hill mu 1906, tauniyo inasanduka mphambano ya anthu ofuna ntchito, ochokera ku Fort Jameson, ku Nyasaland ndi kumpoto, ena akupitirira ku Katanga. Pofika zaka za m'ma 1930, m'njira za anthu apaulendowa munkayenda mbiri ya banyama: anthu akuda olembedwa ntchito ndi azungu kuti azigwira anzawo ndi kuwachotsa magazi. Okayikiridwa anali oyang'anira nyama zakutchire, ogwira ntchito yothana ndi ntchentche za kaodzera, ngakhalenso ansembe a White Fathers.

Apa ndi pamene wowerenga wamakono ayenera kutchera khutu. Dracula wa Bram Stoker, wa mu 1897, ndi mfumu ya m'nyumba yamiyala, yoluma pakhosi ndi mano ake. Wopopa magazi wa kuno alibe mano otere. Ali ndi galimoto, jekeseni, bwana ndi malipiro a pamwezi. Ndi wantchito ngati wina aliyense, ndipo choopsa chake n'chakuti angakhale mnansi wako. Luise White, m'buku lake la mu 2000 lotchedwa Speaking with Vampires, sanataye nthawi kufunsa ngati banyama analikodi. Anafunsa chimene osimbawo ankaopa, ndipo anapeza chipatala chotenga magazi osafotokoza chifukwa, msonkho, ndi ntchito yomeza amuna osawabweza kumudzi. Muyeso umenewo ngwabwino kuposa wongowerenga mitembo ya m'buku.

Mbiriyi inafika ngakhale pa wayilesi. Peter Fraenkel, amene ankagwira ntchito ku Central African Broadcasting Station ku Lusaka, anasimba m'buku lake Wayaleshi momwe, pa nthawi ya mkangano wa chitaganya cha 1953, anthu ankanong'onezana kuti owulutsa mawu nawonso ndi banyama. Ufulu utabwera, wayilesi yomweyo ndiyo inalera omvera nthano. Julius Chongo, pa pulogalamu yake ya Poceza M'madzulo, ankasintha mawu yekha, pano nkhalamba, pano chilombo, pano mwana wolira, banja lonse litazungulira kawayilesi kamodzi. Woweruza anali womvera: nthano yosagwira mtima, ana ankagona isanathe.

Mabuku anabwera pambuyo, ambiri a m'Chingelezi. Achinyamata a m'matauni ankabwerekana a James Hadley Chase ndi a Pacesetters, amene Macmillan inayamba kutulutsa mu 1977, mpaka chikuto kuthothoka ndi tsamba lomaliza kusowa. Aphunzitsi ambiri ankawayesa mabuku otayitsa nthawi. Chonsecho ana ochuluka anazolowera kuwerenga chifukwa cha omwewo.

Amene anagwetsa mpanda pakati pa mabuku "aulemu" ndi "achibwana" ndi Namwali Serpell, wobadwira ku Lusaka. Buku lake The Old Drift la mu 2019 limasakaniza mbiri ya Zambia, zamatsenga ndi sayansi ya m'tsogolo. Muli Edward Mukuka Nkoloso, uja ankafuna kutumiza anthu a ku Zambia kumwezi, ndipo olowerera nkhani pakatipakati ndi khamu la udzudzu, opopa magazi enieni. Mu 2020 linapata mphoto ya Arthur C. Clarke. Ku Malawi nako Shadreck Chikoti analemba Azotus the Kingdom, nkhani ya Africa ya zaka 500 zikubwerazo.

Pakamwa mbiri ya opopa magazi ija sinafe. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinabuka ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo, anthu anaphedwa ndi magulu olusa, ndipo bungwe la United Nations linachotsako antchito ake. Buku loopsa umatseka n'kugona. Mphekesera imadzutsa mudzi ndi zibonga m'manja.

Ku Makandanyama, Kasanda ndi Chowa, makomboni a ku Kabwe oyandikana ndi mgodi uja, umene unatsekedwa mu 1994, nkhani ya magazi ili ndi tanthauzo lina. Fumbi la mtovu lochokera pa chimulu cha zotsalira, chimene anthu amachitcha Black Mountain, limagwera m'mabwalo mosewerera ana, m'madimba ndi pa zovala zoyanika. Silinunkha, silipweteka msanga, koma limawononga ubongo wa mwana, ndipo limadziwika pokhapokha namwino akatenga magazi n'kuwayeza. Mu October 2020 maloya anakasuma ku khoti la ku Johannesburg m'malo mwa amayi ndi ana pafupifupi 140,000 a ku Kabwe, kutsutsana ndi kampani ya Anglo American South Africa, imene imakana mlanduwo. Mu December 2023 khotilo linakana kuti anthuwo asume monga gulu limodzi, ndipo maloya awo anachita apilo.